Firiji ya ku Joni ndi nyama ya m'tchire

Chaka chikamapita kumapeto, katundu wotsika pa Jenda m'magalimoto ochokera ku Joni amadziwika: matilesi, mabulangete, njinga, masipika a wailesi, ndipo pakati pa zonsezo, itakutidwa ndi makatoni n'kumangidwa zingwe, pamakhala firiji. Ina imathera pa Jenda pomwepo, ina imakhotera ku Embangweni, ina imapitirira mpaka pa boma. Mzimba ndi limodzi mwa maboma amene ana ake ambiri ali ku South Africa, ndipo mwana akafuna kuonetsa kuti kumene aliko sakungokhala, firiji ndi chimodzi mwa zinthu zimene amatumizira amayi ake kapena mkazi wake. Odziwa amaiimika kaye maola angapo asanailumikize ku magetsi, kuti mafuta a mu injini yake, amene atakasika pa ulendo, abwerere m'malo mwake. Nzeru imeneyo inafala. Imene sinafike bwino ndi ya zimene ziyenera kulowa m'firijimo.

Kuti firiji ndi chuma, palibe angatsutse. Kale mbuzi ikaphedwa, anthu ankaidya yonse, kuigawa kwa abale ndi anansi, kapena kuiwamba. Lero mayi wa pa boma atha kugula nyama ya mwezi wonse malipiro akangotuluka, n'kumatapa pang'onopang'ono. Koma pamodzi ndi ubwinowo pabwera mawu amene akumveka m'makomo ambiri: "Bola yalowa m'firiji, siingatani." Mawu amenewa ndi olakwika, ndipo nthawi zina amagoneka anthu m'chipatala. Firiji siichiritsa nyama. Yolowa ili bwino imaisunga ili bwino kwa kanthawi. Yolowa ndi matenda imaisunga ndi matenda ake omwewo.

Tizilombo timene timavunditsa nyama ndi kudwalitsa anthu timakonda pofunda. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limachenjeza za kutentha kwa pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo zinthu zikatikomera, tina timachulukana kawiri pa mphindi 20 zilizonse. Kachilombo kamodzi kamene kali pa nthuli 8 koloko m'mawa kangathe kukhala katabala topitirira miliyoni ikamakwana 3 koloko masana. Kuzizira kwa m'firiji, madigiri 4 kapena kutsikirapo, kumangochedwetsa kuswanako. Kuzizira kwa m'firiza, madigiri 18 kunsi kwa ziro, kumakuimitsa koma sikupha tizilomboto. Timangogona, ndipo nyama ikasungunuka timadzuka n'kuyambira pamene tinalekezera.

N'chifukwa chake munthu asanatsegule chitseko cha firiji ayenera kudziwa zinthu ziwiri: kumene nyamayo yachokera, ndi maola amene yakhala pofunda isanafike pakhomo pake. Pa nyama ya m'tchire yogula mobisa, palibe wogula amene amadziwa ngakhale chimodzi.

Kumwera kwa Mzimba kuli pakati pa nkhalango. Kum'mawa kwa boma kuli Perekezi ndi mapiri a Viphya, kumalire ndi Kasungu kuli Chimaliro, kupitirira apo kuli paki ya Kasungu, ndipo kutsidya kwa malire a Zambia, kudutsa Lundazi, kuli Lukusuzi ndi chigwa cha Luangwa. Nyama ya gwape, ya mbawala, ya nguluwe ndi ya njiri siigulitsidwa masana pa msika. Wogulitsa amabwera kukamada, thumba lili pa kaliyala wa njinga, amagogoda pa nyumba zimene akudziwa kuti muli kandalama ndi firiza, n'kutsitsa mawu: "Bwana, lero ndabwera nazo ndiwo zija." Wogula saona chikopa, saona mutu, saona chiwindi kapena mapapo, zimene dokotala wa ziweto amayang'ana pofuna kudziwa ngati nyama inali yathanzi. Amangoona nthuli zakuda, zina zitawaulidwa pang'ono kunja ndi utsi.

Zambiri mwa nyama zimenezi sizifa ndi mfuti. Zimafera pa msampha wa waya, ndipo wotchera sakhala pomwepo kudikira. Amakayendera mawa kapena mkuja, akaona kuti alonda a nkhalango sali pafupi. Mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa limaswa mtengo, gwape wokodwa pakhosi Lachiwiri atha kugona pamenepo ndi matumbo ake m'mimba mpaka Lachinayi. Mlenje wodziwa ntchito yake amatumbula nyama ikangofa, chifukwa m'matumbo ndimo mwadzaza tizilombo, ndipo nyama ikafa n'kukhala pofunda timayamba kufalikira ku mnofu. Nyama imene yalimbana ndi waya kwa maola ambiri imakhalanso ndi mnofu wakuda, wosachedwa kuwonongeka. Pambuyo pa zonsezi pamabwera ulendo wa panjinga m'thumba la feteleza. Pamene wogula akuiponya m'firiza monyadira kuti wapeza ndiwo za Khirisimasi, masiku ake abwino inawathera kale kutchire.

Ena satchera n'komwe. Amathira mankhwala ophera makoswe ndi tizilombo ta m'munda, monga tameki, pa madzi kapena pa chakudya chimene nyama ndi mbalame zimakonda. Poizoni wotere ayisi samuchotsa, ndipo kuphika sikungadaliridwe kuti kumuthetsa.

Palinso nyama yongotoledwa itafa yokha, ndipo apa m'pamene anthu a ku Mzimba ayenera kutchera khutu. Mu Seputembala 2011, m'boma la Chama ku Zambia, kuseri kwa malire a chigawo cha kumpoto, mvuu 85 zinafa cha ku mtsinje wa Luangwa. Anthu, ambiri a iwo ali ndi njala, anaona mwayi: anasenda, anagawana, ena anawamba. Opitirira 500 anadwala anthrax ndipo asanu anamwalira. Chakumapeto kwa 2018 matenda omwewa anapha mvuu zambiri mumtsinje wa Shire ku paki ya Liwonde. Mu 2023, Zambia ili pa mliri waukulu wa matendawa, Malawi inapeza munthu wake woyamba kutsimikizidwa kuti wadwala anthrax, ndipo anapezeka m'boma la Mzimba lomweli. Kachilombo ka anthrax kakakumana ndi mpweya kamadzitsekera m'kachikhokho kolimba, mmene kamatha kukhala m'dothi zaka makumi ambiri. Kwa kachilombo kotere firiza ndi pogona chabe, ndipo utsi wa pa nsanja sukapha. Munthu atha kukatenga pongosenda chabe: pamkono pamabuka chilonda chimene pakati pake pamada bii.

Nkhaniyi siithera pa mvuu. Mzimba ndi boma la ng'ombe, ndipo ng'ombe ikafa mwadzidzidzi mwini wake amaona chuma chake chonse chitagona pansi. Kale ankaitana anansi kuti adzathandize kutha nyamayo. Lero pali chiyeso chatsopano, choti aiduledule, aidzaze m'firiza ya mlamu wake wa pa tauni, n'kumaigulitsa pang'onopang'ono kuti abwezeko kangachepe. Chisoni chake n'chomveka, koma ng'ombe kapena mbuzi yofa mwadzidzidzi, makamaka ikamatuluka magazi akuda osaundana m'mphuno, m'kamwa kapena kumbuyo, siyenera kukhudzidwa ndi mpeni. Woyenera kuitanidwa ndi mlangizi wa ziweto. Chimodzimodzi nkhumba zimene anthu amathamangira kupha chigodola chikalowa m'mudzi. Matendawa sagwira munthu, ndipo nguluwe ndi njiri zimakhala nawo osadwala, koma kachilombo kake kamakhala ndi moyo miyezi yambiri m'nyama youndana. Makombo a nyama imeneyo akadzatayidwa ku khola mliri utaiwalika, nkhumba zatsopano zimayambanso kugwa.

Lamulo nalo silithera pa wosaka. National Parks and Wildlife Act, imene inakhwimitsidwa mu 2017, imagwira wogulitsa, wogula ndi wosunga nyama yotetezedwa popanda chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndipo pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, chipembere ndi ngaka chilango chimafika zaka 30 m'ndende. Poto wa ndiwo amatha usiku umodzi. Firiza imasunga umboni kwa miyezi, m'nyumba ya munthu mwini.

Ena adzati Angoni ndi anthu a nyama, makolo ankapita ku uzimba, nanga lero gwape wakhala bwanji mlandu? Funsoli si lopanda pake, makamaka pamene ndiwo zakwera mtengo chonchi. Koma makolo aja ankadya nyama imene aiona okha ikuthamanga, agalu ali pambuyo pake, aipha okha ndi mkondo kapena chibonga, aitumbula pomwepo n'kuigawa tsiku lomwelo. Anthu analinso ochepa ndipo tchire linali lodzaza. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 900,000 m'boma la Mzimba, ndipo paki ya Kasungu inafika posowa nyama moti mu 2022 anachita kusamutsirako njovu 263 kuchokera ku Liwonde, pamodzi ndi nyama zina 431 monga njati, nswala, mphalapala ndi njiri. Anthu okhala m'malire a pakiyi ali ndi madandaulo enieni pa njovu zowononga mbewu ndi kuopseza miyoyo, ndipo ayenera kumvedwa. Koma nswala imene inabwera pa lole ndi ndalama zankhaninkhani siyenera kutuluka pa njinga m'thumba kuti ikadwalitse ana a munthu pa boma.

Nyama yovomerezeka ku Mzimba siisowa. Pa malobolo, pa ukwati, pa maliro, pa Khirisimasi, pa Umthetho ku phiri la Hora mwezi wa Ogasiti, magazi a ng'ombe ndi mbuzi amakhetsedwa ndithu. Kwa amene ali ndi chilolezo chosaka, ndi abale a ku Joni amene amagula m'sitolo nyama ya nswala kapena ngoma yoweteredwa m'mafamu, kasungidwe kake n'kamodzimodzi. Walira mvula walira matope: wolandira firiji walandiranso ntchito yake.

Mbuzi ya Khirisimasi imaonetsa bwino pamene zinthu zimalakwikira. Imaphedwa m'mamawa kuseri kwa nyumba, kupachikidwa pa nthambi ya mango, anyamata akusenda, ana ataima chapatali kudikira kachiwindi kootcha. Ikadulidwa imaunjikidwa m'beseni, pamwamba n'kuvundikirapo chitenje poopa ntchentche, banja lonse ulendo ku tchalitchi. Mapemphero a tsiku limeneli satha msanga. Pobwerako masana, mayi amatapa yophika lero, yotsalayo, miyendo yathunthu, amaikankhira m'firiza pamodzi m'jumbo imodzi yaikulu. Kunja kwa mulu umenewo kumauma gwa usiku womwewo, koma pakati, pafupi ndi fupa, pamakhala pofunda mpaka mawa, ndipo fungo limene adzalimve pa Chaka Chatsopano limayambira pamenepo. Nyama ya chiweto chongophedwa iyenera kupachikidwa pamthunzi podutsa mphepo kuti ituluke kutentha kwa thupi, osati kuunjikidwa. Ikadulidwa isakhale panja kupitirira maola awiri, ndipo kukatentha kwambiri ola limodzi ndi lokwanira.

Firiza nayo ili ndi malire. Ya malita 200, yofala m'makomo ndi m'magolosale, siingaumitse bwino nyama yofunda yopitirira makilogalamu 10 pa tsiku. Mbuzi imodzi yafika kale pamenepo. Ng'ombe, imene nyama yake imapitirira makilogalamu 100, siingalowe m'firiza imodzi tsiku limodzi n'kutulukamo yabwino, ngakhale malo ataoneka kuti alipo. Njira yake ndi kuimwaza m'mafiriza a anansi, kuwamba ina ndi kugawa ina monga mwa kale. Yolowayo ikhale m'timapaketi tating'ono tophwatalala, kalikonse ka mphika umodzi, toyalidwa motsamira makoma a firiza kumene kumazizira kwambiri. Kusanjikiza kubwere titauma kale.

Pomanga timapaketito, mpweya ufinyidwe wonse ndipo pulasitiki akhale wochindikala kapena wophatikiza awiri. Nyama yopanda mafuta, monga ya nswala kapena ya mbuzi yowonda, mpweya ukaipeza m'firiza imauma n'kuchita mawanga otuwa. Siidwalitsa, koma imalimba ndipo kukoma kumachoka. Ubweya, magazi oundana ndi mnofu wovulala zichotsedwe ndi mpeni isanamangidwe. Ndipo pa paketi iliyonse palembedwe tsiku. Ambiri amaona ngati zimenezi n'zachizungu, koma nyama youma ya Ogasiti ndi ya Disembala sizisiyana m'maso, ndipo popanda tsiku yakale imangokankhidwira pansi mpaka kuiwalika.

M'chipinda chozizira chabe, chosaumitsa, nthuli za ng'ombe, mbuzi kapena nswala zimakhala masiku atatu mpaka asanu. Zam'kati, chiwindi, impso, chifu ndi matumbo, zimangokhala tsiku limodzi kapena awiri, chimodzimodzi nkhuku ndi nyama yogayidwa. Uwende, magazi ophika, ndi wa tsiku lomwelo. Ndiwo zophika kale zisadutse masiku atatu kapena anayi. M'firiza yosasokonezeka nthuli zimatha kufika chaka, zam'kati ndi yogayidwa miyezi itatu kapena inayi. Koma chaka chimenecho n'cha kumene magetsi sazima. Ku Mzimba, wanzeru asalole nyama kugona m'firiza kupitirira miyezi itatu.

Malo a nyama yaiwisi m'firiji ndi pansi penipeni, m'bakuli yovundikira. Zimaoneka kawirikawiri: jumbo ya nyama ili pa shelefu ya pamwamba, timadzi tofiira tikudonthera pa botolo la thobwa, pa mkaka wa mwana, pa mafilizesi amene akupita kukagulitsidwa pa geti la sukulu. Nyamayo idzaphikidwa, tizilombo take n'kufa. Filizesi mwana amangoluma pakona ya pulasitiki n'kuyamwa.

Tsono magetsi. Ambiri mwa magetsi a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kutali kwambiri ndi Mzimba. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo makinawo anabwereranso mu 2023. Amene anali ndi firiza nthawi imeneyo akukumbukira. Ngakhale popanda namondwe, nyengo ya mvula mitengo imagwera mawaya ndipo mapolo amagwa. Magetsi akazima, firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi okha. Firiza yodzaza imapirira maola 48, yosadzaza maola 24, koma ngati chivundikiro chake sichikutsegulidwatsegulidwa. Choncho malo opanda kanthu adzazidwe ndi mabotolo a madzi oundana, pamwamba pafunditsidwe bulangete mpaka magetsi atayaka, ndipo ana auzidwe kuti madzi ozizira lero kulibe. Wochoka pakhomo masiku angapo atha kuumitsa madzi m'kapu n'kuika ndalama yachitsulo pamwamba pa ayisiyo. Akaipeza pansi pa kapu pobwera, adziwe kuti zonse zinasungunuka n'kuumanso iye kulibe.

Nyama imene ikadali ndi timiyala ta ayisi, kapena ikuzizira ngati yotuluka m'firiji, itha kuumitsidwanso, ngakhale kukoma kumatsikako. Imene yafewa n'kufunda kwa maola opitirira awiri isabwerere m'firiza ndipo isalowe mumphika. Amene amazimitsa firiji usiku kuti apulumutse mayunitsi aganizenso bwino: usiku ndi wotalika kuposa maola anayi, ndipo m'mawa injini imalira nthawi yaitali kubweza kuzizira kumene kwatayika, moti chopulumutsidwacho n'chochepa poyerekeza ndi nyama imene yaikidwa pangozi.

Ambiri amadalira mphuno. Amanunkhiza, akapanda kumva kanthu n'kuti ili bwino. Koma tizilombo tonunkhitsa nyama ndi todwalitsa munthu kawirikawiri si timodzimodzi. Salmonella ndi E. coli sizinunkha, sizisintha mtundu wa nyama. Staphylococcus, imene imachokera m'manja ndi m'mphuno mwa wogwira chakudya, imasiya poizoni amene kuwiritsa sikumuthetsa. Kutsuka nyama yokayikitsa ndi mandimu kapena viniga, n'kuthira tsabola ndi kale wambiri, kumangobisa fungo. Bambo wamphamvu atha kungotsekula m'mimba tsiku limodzi n'kupita ku ntchito. Khanda, mayi woyembekezera, agogo ndi munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika ndiwo amakathera pa bedi ku chipatala cha boma, ku Embangweni kapena ku Katete.

Posungunula, nyama isaikidwe padzuwa pa thandala la mbale, pamene kunja kumafunda mkati mukadali mwala. Itsitsidwe usiku kuchoka m'firiza kupita pansi pa firiji, m'mbale, kuti isungunuke ili pozizira. Wofulumira aiviike ili m'pulasitiki wotseka m'madzi ozizira, kusintha madziwo mphindi 30 zilizonse, n'kuiphika nthawi yomweyo. Ipse mpaka mkati, madigiri 70, msuzi wake usaoneke wofiira. Pa nkhumba ndi nguluwe izi n'zosakambirana, chifukwa zina mwa nyongolotsi zokhala mu mnofu wa nyama zakutchire zimapirira ayisi. Kanyenya wopsa kunja kokha sakwanira.

Pali kachilombo kena kamene firiji siikaopseza n'komwe. Listeria imaswana ngakhale pozizira, ndipo abale a ku Joni amaidziwa. Mu 2017 ndi 2018 inadwalitsa anthu opitirira 1,000 ku South Africa n'kupha opitirira 200, kuphatikizapo makanda ambiri. Mu Malichi 2018 gwero lake linapezeka kuti ndi poloni wa fakitale ina ya ku Polokwane, ndipo Malawi inali m'gulu la mayiko amene analetsa nyama zotere kulowa. Poloni ndi soseji zodyedwa osaphika siziyenera kugonera m'firiji milungu zitatsegulidwa kale. Nanga zimene zimayenda pa basi kuchoka ku Johannesburg, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, masiku awiri kapena atatu panjira? Ayisi wa m'kabokosi sapirira ulendo wonsewo, ndiponso nyama siloledwa kudutsa malire popanda chikalata cha a zaziweto. Wofuna kukondweretsa amayi ake atumize ndalama, mbuzi ikagulidwe pamudzi ikuyenda ndi miyendo yake.

Nyumba zambiri za kumwera kwa Mzimba zilibe magetsi n'komwe. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko lonse mabanja pafupifupi 11 pa 100 alionse ndiwo ankaunikira magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Kwa anthu a ku Khosolo, ku Luwerezi kapena ku Emfeni amene mawaya sanawafike, nsanja ndi moto zikadali njira yodalirika, ndipo a pa boma sayenera kuinyoza. Nyama yathanzi yolezedwa mopyapyala, yothiridwa mchere, yowambidwa pa moto wosalilima mpaka kuuma kuti izithyoka, n'kusungidwa podutsa mpweya osati m'pulasitiki, siidikira magetsi. Mdima ukatha tsiku lathunthu ndipo palibe chizindikiro choti magetsi ayaka, nyama ya m'firiza ikadali yozizira, imeneyo ndi nthawi yosonkha moto, kuphika ina, kuwamba ina ndi kutuma mwana ndi mbale kwa anansi. Chodetsa nkhawa n'chakuti m'nyumba zina za firiji mukukula ana amene sanaonepo nyama ikuwambidwa.

Anthu ambiri sapha chiweto okha. Amagula pa butchala, theka la kilo kapena kilo, ndipo kumeneko n'kumene kasungidwe kolakwika kamakhudza mabanja ambiri nthawi imodzi. Nyama yopachikidwa pa mbedza tsiku lonse, yotsala n'kulowa m'firiza madzulo, m'mawa n'kutulutsidwanso kukapachikidwa, imakhala ikufunda ndi kuzizira mosinthana mpaka itatha. Wogula atha kuizindikira: yada, ikunanda m'manja, ikuchucha timadzi. Chidindo cha dokotala wa ziweto n'chofunika ndipo wogula ali ndi ufulu wofunsa kuti achione, koma chimangonena kuti chiwetocho chinali chathanzi tsiku limene chinaphedwa. Za masiku atatu otsatirawo chidindo sichinena.

Apa m'pamene khonsolo ya M'mbelwa ingachitepo kanthu popanda ndalama zambiri. Butchala aliyense ndi malo aliwonse odyera opempha chiphaso, kaya pa boma, pa Jenda kapena pa Embangweni, akhale ndi themometa m'firiza yake, ndipo oyendera zaumoyo aziiwerenga, makamaka m'mawa wotsatira mdima wautali. Alangizi a zaumoyo, amene amakumana ndi amayi pa sikelo mwezi uliwonse, awonjezere maola anayi a firiji ndi maola awiri a nyama ya panja pa zimene amaphunzitsa za madzi ndi zimbudzi. Wailesi ya Mzimba Community ingathe kunena zomwezi m'Chitumbuka mwezi wa Novembala, mbuzi za Khirisimasi zisanamangidwe pa mtengo, ndi kuitana mlangizi wa ziweto kuti adzafotokoze chochita ng'ombe ikafa yokha m'khola komanso nambala ya foni yoti anthu aimbe.